Mphatso imene inatidyera mabatire

Inu owerenga, ine ndinaonongetsa katundu wa amayi amene ankanditenga ngati mwana wawo. Sindinabe kanthu, ndipo sindinagwetse chilichonse pansi. Ndinangovomera chinthu chimene ndinkadziwa kuti nʼcholakwika, chifukwa ndinkaopa kukhumudwitsa munthu wondikonda. Ndalemba izi kuti mnzanga wamanyazi ngati ine amve.

Ndinakulira kwa Malemia, ndipo sukulu yanga yonse inali yoyendera pansi. Nditamaliza Fomu 4, amalume anandilipirira maphunziro a kompyuta a miyezi isanu ndi umodzi ku Zomba. Nditabwerako ndinkangothandiza makolo kudimba, mpaka tsiku limene Mayi Nasiyaya anandiitanitsa. Iwowa ndi wapampando wa gulu la amayi olima mpunga kwathu ku Domasi, ndipo amaimba kwaya imodzi ndi mayi anga. Anati akufuna mwana wodekha woti azisamala zipangizo za gulu. Amayi ena ankafuna mnyamata wa mʼtauni, koma iwo anaumirira pa ine.

Gululi limapunthitsa mpunga kuchigayo, kuupeta, kuulongedza mʼmapaketi okhala ndi chizindikiro chake, nʼkumagulitsa mʼmasitolo a ku Zomba. Mpunga wa mʼpaketi umagulidwa bwino kusiyana ndi wa pa thumba. Ku shedi kwathu magetsi a mawaya sanafike, choncho zonse zinkadalira sola: mapanelo padenga, mabatire anayi mʼkachipinda, ndi inivata, kabokosi kamene kamasandutsa mphamvu ya mʼmabatire kukhala magetsi. Mabatirewo amayi anawagula ndi mpunga wawo. Zaka zitatu aliyense ankapatula thumba limodzi pa zokolola zake mpaka anakwana. Ndiwo ankayendetsa sikelo, makina omatira mapaketi, laputopu ndi printa.

Mmisiri amene anatiikira sola, bambo wina wa ku Liwonde, anandiuza chinthu chimodzi chimene ndinalemba mʼkope langa. Anati inivata ikayamba kulira, ndiye kuti mabatire atsika kwambiri, ndizizimitsa zinthu nthawi yomweyo. Batire lomatsitsidwa mpaka pansi tsiku ndi tsiku silikhalitsa. Chaka chathunthu ndinatsatira zimenezi, ndipo belu la inivata silinalirepo koposa kawiri.

Kenako kunabwera mphatso. Mwana woyamba wa Mayi Nasiyaya, achimwene Levisoni, ndi dalaivala pa kampani ina ku Blantyre. Kampaniyo inasiya kusunga zinthu zake mʼmakina akeake, inayamba kulipira malo osungira pa intaneti, ndipo makina akale ankangowagawa. Achimwene anapempha amodzi, poganizira gulu la mayi awo. Iwo za makompyuta sazidziwa, anangoona chinthu chachikulu, cholemera, chimene mabwana awo kale ankachisunga mʼchipinda chokhoma. Dzina lake amati seva, kompyuta yaikulu yosungira zinthu za ofesi yonse.

Tsiku limene anabwera nayo pa galimoto la kuntchito kwawo, amayi anasiya malichero nʼkuimba nthungululu. Anthu awiri ndi amene anainyamula. Abiti Chande, mayi wachikulire wanthabwala amene ankanditcha Che Kompyuta, anandigwira paphewa nʼkunena kuti, "Che Kompyuta, mkazi wanu uja wafika. Koma ngonenepa, mumudyetsa chani?" Onse anaseka, nanenso ndinaseka.

Funso lawo linali lenileni ngakhale iwo sankadziwa. Ndinagwada kuseri kwa makinawo nʼkuwerenga kachitsulo kolembedwa mphamvu imene amadya. Okha ankafuna magetsi oposa sikelo, laputopu ndi printa kuphatikiza pamodzi, ndipo ankawafuna usana ndi usiku. Komanso zonse zimene gulu linkasunga, maina a alimi ndi zithunzi za chizindikiro chathu, zinkakwana mu laputopu ndi mʼkafulashi kochepa ngati chala. Seva sitinkaifuna nʼkomwe. Ndinamvetsa pomwepo chifukwa chake kampani ija inaitaya.

Mayi Nasiyaya anali ataima pafupi ndi mwana wawo, nkhope ikuwala. Anandifunsa pamaso pa onse kuti, "Nanga mwanawe, atithandiza makinawa?" Ndinayangʼana iwo, ndinayangʼana achimwene amene anayenda ulendo wonsewo. Kwathu mphatso sakana, makamaka yochokera kwa mwana kupita kwa mayi ake, ndipo ine ndinali ndani woti nditsegule pakamwa pa akuluakulu? Ndinayankha kuti, "Atithandiza, Mayi." Mawu awiri amenewo, owerenga, ndi amene ndimawalirabe.

Achimwene pochoka anati kuntchito kwawo makina otere sazimitsidwa. Mayi anagwiritsa mawuwo. Sabata yomweyo anasoka kansalu ka maluwa kovindikira seva kuti isalowe fumbi la mankhusu. Ine mʼmawa uliwonse ndinkapinda nsaluyo kumbuyo kuti mphepo izidutsa. Pa tinthu tatingʼono ngati timeneti ndinali wosamala kwambiri, pamene chachikulu ndinachikhalira.

Ndinayesa kukonza zinthu mobisa. Lachisanu lina poweruka ndinazimitsa seva osauza munthu. Loweruka mʼmawa Mayi anabwera ndi alendo a kutchalitchi ochokera ku Malosa kudzawaonetsa mphatso ya mwana wawo, ndipo anapeza timagetsi tobiriwira tija tathima. Anandipeza kudimba ali wefuwefu, akuganiza kuti yafa. Ndinathamanga kukaiyatsa. Mmene anapumira mʼmwamba itayamba kulira ngati kachigayo, ndinadziuza kuti sindidzaizimitsanso.

Posakhalitsa inivata inayamba kulira mʼmawa uliwonse ndikamatsegula shedi. Mayi anafunsa kuti kukulira chiyani. Apa ndi pamene ndinachita choipa kwambiri. Mʼmalo monena zoona, ndinafufuza mʼkabuku ka inivata nʼkupeza batani lotsekera belu. Ndinalidina. Mʼshedi munakhala bata, Mayi anandiyamikira kuti ndine katswiri, ndipo ine ndinamwetulira. Ndinkadzinyenga kuti dzuwa likakula mabatire achira, kuti ndidzanena mwezi wamawa, kuti ndidzapeza nthawi yabwino Mayi ali okha. Nthawi yabwinoyo munthu wamanyazi saipeza.

Miyezi inadutsa, tinakolola. Sitolo ina ya ku Zomba inaitanitsa mapaketi ambiri kuposa kale, oti afike pasanathe masabata awiri. Inali nyengo yozizira, mitambo itakuta phiri masiku angapo. Lolemba mʼmawa amayi anafika ndi matumba pa njinga ndi pamutu. Ndinayatsa sikelo, inaphethira nʼkuthima. Makina omatira anali ozizira ngati mwala wa mumtsinje. Dzuwa litatuluka masana zinthu zinayaka pangʼono nʼkuthimanso.

Mmisiri wa ku Liwonde anabwera Lachitatu. Anayeza mabatire, awiri anali atatupa mʼmbali, enawo osasunganso mphamvu. Anayangʼana seva, anayangʼana inivata, kenako anafunsa kuti anatseka belu ndani. Amayi onse anali pakhomo la kachipindako. Ndinati ndine. Ndiyeno ndinanena zonse, kuyambira kachitsulo kamene ndinawerenga tsiku loyamba lija. Ndinadabwa kuti zimene ndinaziopa miyezi yonseyo zinatha kunenedwa pa mphindi zochepa chabe.

Palibe anandikalipira, ndipo zimenezo zinandipweteka koposa. Amayi anangoyamba kusenza matumba awo mmodzimmodzi. Sitolo ija inakagula kwina. Mpunga wambiri unagulitsidwa kwa mavenda a mʼmbali mwa msewu pa mtengo umene mavendawo anafuna. Abiti Chande chaka chimenecho ankafuna kukhoma malata pa nyumba yawo. Malata sanagulidwe.

Madzulo a Lachitatu lomwelo dzuwa lisanalowe, Mayi Nasiyaya anandiuza kuti ndiwaperekeze. Tinayenda mʼmbali mwa ngalande, ine ndikudikira kuti andiuze kuti ntchito yatha. Titafika pa kamlatho anaima nʼkunena kuti, "Mwanawe, anthu ondivomera ndili nawo ambiri, kwaya yonse imandivomera. Iwe ndinakutenga kuti uziona zimene maso anga saona." Kenako anati nawonso analakwa pondifunsira pagulu, mwana wawo ali pomwepo. Ndinalira ngati mwana wa Sitandade 1, iwo nʼkundipatsa nsonga ya chitenje chawo kuti ndipukute nkhope.

Achimwene Levisoni atamva anadandaula kwambiri. Anati ndikanawauza tsiku lomwelo akanangoikwezanso seva ija pa galimoto, palibe akanakwiya. Anaitenga nʼkukaigulitsa kwa okonza makompyuta ku Blantyre, ndipo zimene anapeza anapereka ku gulu, ngakhale sizinakwane batire limodzi. Amayi anayambiranso kupatula matumba. Nanenso ndinapempha kachigawo ka munda kwa bambo anga, ndinalima mpunga, ndipo thumba langa linalowa pamodzi ndi awo. Mvula isanayambe ndinakathandiza kufolera udzu nyumba ya Abiti Chande. Ndili padenga anandikuwira kuti, "Che Kompyuta, mangani bwino, kumeneko kulibe batani lotsekera kudontha." Ndinadziwa kuti andikhululukira, koma ndinadziwanso kuti adzagona pansi pa udzu chaka china chifukwa cha ine.

Tsopano tili ndi mabatire ena, ndipo komiti inaika lamulo. Chipangizo chilichonse, chogula kapena chopatsidwa, chisanalowe mʼshedi, ine ndimaimirira nʼkufotokoza kuti chidzadya magetsi ochuluka bwanji, chikadzaonongeka adzakonza ndani, ndipo ngati tikuchifunadi. Chaka chatha mʼbale wa mayi wina anafuna kutipatsa makina aakulu akale ochulukitsira mapepala. Ndinaimirira, ndinathokoza, nʼkunena kuti sola yathu singawakwanitse ndipo printa imene tili nayo ikutikwanira. Bamboyo anangoti zikomo pondiuza, ndikawapereka kusukulu kumene kuli magetsi. Abiti Chande anaombera mʼmanja nʼkuti Che Kompyuta akana mitala.

Inu owerenga, makamaka achinyamata amene mwapatsidwa udindo wosamala makina pa ofesi, pa sukulu kapena pa gulu ngati lathu, mtengo wa chipangizo suthera pa tsiku lochilandira. Chaulere chimadyanso, ndipo nthawi zina chimadya zimene anthu anavutikira zaka. Musanati zikomo, tembenuzani makinawo muwerenge kumbuyo kwake. Ngati mukuchita manyazi kulankhula pagulu, pemphani mkuluyo pambali, mugwade ngati nʼkofunika, koma nenani tsiku lomwelo. Ulemu umene ine ndinkaganiza kuti ndikupereka kwa Mayi Nasiyaya unali mantha anga, ndipo anaulipira ndi amayi osalakwa.

Kansalu ka maluwa kaja tsopano kamavindikira printa. Belu la inivata ndinalitsegulanso, ndipo pa batani lija ndinamatapo tepi. Likalira, Mayi amandiyangʼana nʼkumwetulira, ine nʼkuimirira kukazimitsa zinthu, ndikuwauza mokweza chimene chavuta.