Tinaika Achimwene, Tinasesa Tsiku Lomwelo

Ndinadzuka kusanache. Ndinagona pampando m'galaja ya achimwene ku Beaumont Leys nditafunda majekete awiri, ndipo chimene chinandidzutsa ndi kuzizira kwa m'mapazi. M'nyumba azimayi anali akuimbabe, koma motsitsa mawu poganizira anansi.

Achimwene anga anamwalira atakhuta masiku. Anayendetsa basi mu Leicester zaka zambiri mpaka anapuma pantchito, ndipo anapita ali m'tulo, pabedi pawo, mkazi wawo, alamu anga, ali pambali. Kuno maliro amachedwa kuikidwa. Tinalira kwambiri masiku oyamba, koma pofika tsiku loika misozi inali itachepa, ndipo anthu ankakumbukira kwambiri nthabwala zawo.

Mipando ya pabalaza tinaitulutsa monga timachitira kwathu, kuti amayi akhale pansi ndi namfedwa. Amuna tinali m'galajamo tikuwotha, titazungulira hita. Kuseri kwa nyumba, pansi pa tenti, amayi ena anali atayatsa kale mbaula za gasi, akukazinga nkhuku ndi anyezi. Kutayamba kuyera anafika enanso ochokera kuntchito ya usiku, yunifolomu mkati, chitenje pamwamba, ndipo anangosamba m'manja n'kuyamba kusenda mbatata.

Nkhani imene tinagona nayo ndi imenenso tinadzuka nayo. Inali ya Yamikani, mwana womaliza wa achimwene, wobadwira konkuno. Iyeyu anayamba ndi mpira wa ragibe kusukulu, kenako anakopeka ndi mpira wa ku America, uja amasewera atavala zipewa zolimba ndi zotchinga m'mapewa. Koleji ina yaing'ono ya kumeneko inamutenga kuti aziphunzira akuisewerera. Malo ake amawatcha running back. Ntchito yake ndi kulandira mpira m'manja, kuufungatira, ndi kudutsa nawo pakati pa anthu amene akufuna kumugwetsa. Kukolejiko anachita bwino. Tsopano anali atamaliza chaka chake chotsiriza, ndipo mkati mwa sabata yotsatira kunali tsiku limene akuluakulu a matimu olipira amabwera pakolejipo kudzayesa anyamata. Tsiku lotere silibwera kawiri. Tikiti yake inali ya Loweruka m'mawa, ife tikuika maliro Lachisanu.

Koma kusesa tinali titakuika Loweruka la sabata inayo, chifukwa ndi tsiku lokhalo limene abale onse analibe shifiti. Ndipo mwana wa malemu sachoka pakhomo nyumba isanasesedwe. Ndi mmene tinkadziwira pochoka kwathu ku Ntcheu. Ine monga bambo wake wamng'ono ndinamuuza zimenezi, akulu a mpingo n'kundivomereza. Iye sanatsutse. Anangoti wamva, ndipo kufulumira kwake kuvomera kunandivuta mumtima kuposa akanakangana nane.

M'galajamo amene ankaudziwa mpirawu anali bambo wina wachinyamata, injiniya wa ku Loughborough. Iye anati pomusunga sitikumulanda kanthu. Anafotokoza kuti kukoleji yaing'ono Yamikani ankangowasiya anzake ndi liwiro, koma kumatimu olipira aliyense ndi waliwiro, ngakhale zimphona zimene ungaganize kuti sizithamanga. Mpata wodutsira umene kukoleji umakhala ngati geti ya galimoto, kumeneko umakhala ngati chitseko cha basi chikutsekeka. Bambo wina wogwira ntchito kuwodi ya mafupa anawonjeza za mawondo. Anati osewera malo amenewa sakhalitsa.

Mnzawo wa achimwene, Mbemba wa ku Lusaka amene ankayendetsa nawo basi, anawatsutsa onse awiri, chikhalirecho sadziwa lamulo ngakhale limodzi la mpirawo. Anati Mngoni aliyense amabadwa akudziwa kuthamanga atanyamula katundu wa eni ake, ndiye mwanayu sangalephere. Tinaseka mpaka amayi anatumiza uthenga woti tikumbukire pamene tili. Abemba ndi ife Angoni tili pachimbuya: amatinyoza pamaliro athu, ifenso pa awo, ndipo palibe amakwiya.

Yamikani anali ataima pakhomo la galaja. Chichewa amamva chonse, kungoti amayankha m'Chingerezi. Ananyamula botolo la gasi n'kupita nalo kwa amayi ophika aja.

Kutacha kunayamba mvula yowaza, yozizira, imene sinyowetsa msanga koma imalowa m'mafupa. Anthu anafika kuchokera ku Evington, ku Nottingham, ku Derby, ena kutali kuposa pamenepo, mpaka magalimoto anadzaza msewu mbali zonse. Madalaivala a basi anabwera atavala majekete a kuntchito. Ana obadwira kuno ankapatsa moni akuluakulu monga anawaphunzitsira m'galimoto, dzanja lina litagwira mkono, maso ali kwa amayi awo kuti aone ngati akhoza.

Achemwali athu aakulu anali atabwera kuchokera ku Ntcheu, ulendo wawo woyamba kukwera ndege. Chifikire sanachoke pambali pa alamu, choncho nkhani ya Yamikani, imene tinaimanga amuna m'galaja, inali isanawafike.

Kutchalitchi malo anachepa, ena anaima kukhoma. Amayi a chigwirizano anayambitsa nyimbo ndipo tchalitchi chonse chinalandira. Dalaivala wina wachimwenye anaima kufotokoza kuti basi ya achimwene inkachedwa nthawi zonse, chifukwa akaona munthu wokalamba akubwera patali ankamudikira, okwera ena akudandaula. Alamu anamwetulira pansi pa nsalu.

Potuluka ndinakumana ndi mzungu wina wamfupi, wa imvi, amene anamuphunzitsa Yamikani mpirawu ali wamng'ono. Ndinamutengera pambali n'kumufunsa mosazungulira ngati mwanayu angakwanitse pakati pa akatswiri. Anati sakudziwa, ndipo aliyense wonena kuti akudziwa akunama. Anavomereza kuti liwiro lokha silingamuthandize, ndiponso kuti thupi lake ndi locheperapo pa limene matimuwo amakonda. Koma anati pali zina zimene oyesawo amayang'ana. Yamikani amadziwa kudikira mpata utseguke m'malo mothamangira pakhoma la anthu. Amawakha mpira woponyedwa. Komanso saopa kuima kutsogolo kwa chimphona kuti ateteze mnzake woponya mpira, ntchito imene anyamata ambiri aliwiro amaizemba. Anati achimwene akamaonera masewero a mwana wawo pakompyuta ankabwereza malo amenewa kuposa pamene wagoletsa. Kenako anandifunsa kuti anyamuka liti. Ndinati tikukambirana.

Galimoto ya maliro inadutsa msewu umene achimwene ankayendamo ndi basi. Pasiteji ina basi yochokera kutsogolo inaima, n'kuthwanimitsa magetsi mpaka tonse titadutsa.

Kumanda, akampani ya maliro anabwera ndi ngolo yawo ya matayala, koma tinawapempha kuti tinyamule tokha. Bokosi linayenda pamapewa, amuna akulandirana, wotopa akutuluka kumbuyo, wina akulowa kutsogolo. Yamikani analowa pachiyambi ndipo sanatuluke. Abusa atamaliza mawu awo ndi nkhata zitakonzedwa, tinapempha mafosholo. Kuno adzukulu ndi makina: kathirakitala ka akhonsolo kanali kataima patali kudikira kuti tichoke. Ife sitisiya m'bale wathu pamtunda kuti akwiriridwe ndi mlendo.

Dothi la Leicester ndi lamakande, ndipo likanyowa limakana kuchoka pafosholo. Amuna amene m'mawa ankalankhula za mphamvu ankaponya kangapo n'kupereka fosholo kwa wina, akupuma mwawefuwefu. Mbemba uja anatulutsa paudala wa ana m'thumba n'kuyamba kutiwaza Angoni m'mutu, akunena kuti mnzakeyo wathawa nkhondo. Amayi ankaimba kwinaku akuseka. Mvula inaleka, dzuwa linatuluka pang'ono.

Yamikani anavula jekete n'kuponya dothi osapuma. Amuna angapo anayesa kumulanda fosholo, wina akuti asunge phewa, wina akuti asunge msana, koma iye ankangopukusa mutu. Achemwali anandikodola n'kundifunsa chifukwa chimene anthu akumusamalira mwanayo ngati dzira. Ndinawafotokozera za mpira, za oyesa aja, za tikiti ya mawa, ndi za kusesa. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaseka, pamanda pomwepo, akudzitseka pakamwa ndi nsalu.

Titasamba m'manja tinapita kuholo ya mpingo kukadya. Anthu ali mkati mwa chakudya, achemwali anaitanitsa ine, alamu, mkulu wa mpingo ndi Yamikani kukachipinda kosungira mipando.

"Inu a kunja, mwambo munauika mufiriji?" anatero. "Kumudzi tinasiya kale kugoneka anthu sabata yathunthu. A m'tauni amafuna kubwerera kuntchito, ndiye tikachoka kumanda timasesa tsiku lomwelo, tikachedwa m'mawa mwake. Amalume athu tinawasesera dzuwa lisanalowe."

Mkulu wa mpingo anati iye anachoka ku Malawi akudziwa zosiyana ndi zimenezo. Achemwali anamufunsa chaka chimene anachoka. Atachitchula, iye mwini anayamba kuseka, nafenso tinaseka. Ine ndinachoka chaka chisanafike chimenecho, choncho ndinalibe chowonjeza.

Achemwali anatembenukira kwa Yamikani. "Iwe, tsache silikukuletsanso. Ukufuna kupita?"

Yamikani anayang'ana nsapato zake zamatope. Kenako anayankha m'Chichewa, pang'onopang'ono, mawu aliwonse payekha. "Azakhali, ndikuopa. Mwina sindikwana."

Zotsalazo ananena m'Chingerezi, ine ndikumasulira. Anati chibwerere kumaliro sanachite masewero olimbitsa thupi mokwanira. Anati zimene ananena injiniya uja ndi zoona, ndipo iye amazidziwa kuposa aliyense, chifukwa anthuwo anawaonapo pafupi. Anati nditamuuza kuti asapite anamva kupepuka, chifukwa akakhala palibe angadzanene kuti analephera. Ndipo anati akamaliza sewero lililonse ankaimbira foni bambo ake, tsopano sakudziwa kuti akatuluka pabwalopo adzaimbira yani.

Achemwali anati amuona mmene amagwirira fosholo, koma kukwirira manda si mpira, ndipo sangamunamize kuti aonapo chizindikiro. Mpirawo sakuudziwa. "Koma usabisale kumbuyo kwa maliro a bambo ako," anatero. "Ngati akukukana, akakukane akukuona."

Alamu anali asanalankhule kwenikweni tsiku lonse. Anatambasula dzanja n'kumugwira mwana wawo pakhosi la malaya, ngati akumukonza popita kusukulu.

"Pita, mwanangu. Udzaimbira ine. Ndipo ukakathyoka, amayi ako ndi namwino."

Yamikani anaseka, kusekako n'kusanduka kulira. Chimwalirire bambo ake ndinali ndisanamuone akulira. Tinamusiya alire mpaka anagwedeza mutu kuti apita.

Ndinatuluka kukalengeza m'holo kuti kusesa kuli lero lomwe, ndipo amene angathe atsagane nafe kunyumba. Nditanena chifukwa chake, amayi ena anaimba nthungululu, kenako anadzigwira pokumbukira kuti ndi maliro, kenako anaimbanso. Mzungu wa imvi uja sanamve Chichewa changa, koma anaona nkhope za anthu n'kuvula chipewa.

Tinafika kunyumba kukadali kowala. Mtsikana wina anatulutsa makina oyamwa fumbi, achemwali n'kumubweza. Alamu anali ndi tsache la kwathu kuseri kwa chitseko cha kukhitchini. Achemwali anayamba kuchipinda cha malemu, amayi ena n'kulandira, mpaka zinyalala zonse za masabata amenewo zinatuluka pakhomo. Anapinda mabulangete, anatsegula mawindo. Amuna tinabweza mipando pabalaza. Yamikani atagwira mbali imodzi ya sofa, injiniya uja anamukankha n'kuigwira yekha. Anati maganizo ake sanasinthe, mwayi ndi wochepa, koma ngati mwanayu alephere, asalephere chifukwa cha sofa. Mkulu wa mpingo anapemphera mwachidule, anatchula malemu, anatchula alamu, anatchulanso mawondo.

Anthu anayamba kutsanzika. Ambiri anali ndi shifiti ya usiku kapena ya m'mamawa. Mbemba uja anachoka pomalizira. Anaima pakhomo nthawi yaitali akuyang'ana mpando wa mnzake, ndipo ulendo uno sananene nthabwala.

Nyumba inakhala zii. Achemwali anawodzera pasofa nsapato zili kumapazi. Alamu anali m'chipinda cham'mwamba, ndipo ndinkamva akutsegula ndi kutseka madirowa, kufunafuna masokosi a mwana wawo. Chikwama chinali kale pakhomo.

Ndinalowa kukhitchini kukatsuka makapu. Pawindo ndinaona Yamikani kuseri kwa nyumba, pamene panali tenti. Anali atavala nsapato zothamangira, akuponda timapazi tifupitifupi pa udzu wonyowa, kuima, kukhotera kumanzere, kubwerera, kuyambanso. Malowo ndi ochepa, moti akangothamanga pang'ono wafika kale pampanda. Ndinamuyang'ana mpaka kunayamba kuda. Mpirawu sindiudziwa moti ndinganene ngati mapazi amenewo ndi okwanira. Ndinapukuta m'manja, ndinatenga makiyi, n'kutuluka kukaona ngati m'galimoto muli mafuta otifikitsa kubwalo la ndege.