Mkaka Umene Bambo Chidebe Ankataya

Pafamu ya ng'ombe zamkaka onse ankangowatchula kuti Bambo Chidebe, poti chidebe sichinkachoka m'manja mwawo ngakhale popita kukamwa tiyi. Anakalambira pansi pa ng'ombe, ndipo makani awo anali osayamba.

Lamulo lawo linali limodzi: ng'ombe ikabereka, mkaka woyamba uja, wachikasu ndi wonanda, ndi wa mwana wake. Wotsala ankaukhuthulira m'ngalande. "Munthu sangamwe zimenezi," ankatero atakwinya mphuno.

Kenako akazi awo anadwala. Atatuluka m'chipatala, chakudya chilichonse ankachikana. Mbale inkabwerera mmene yapitira, mphete n'kuyamba kuvuka yokha pachala. Bambo Chidebe ankachita mantha, kungoti pakamwa sankanena.

Tsiku lina mwana wawo wamkazi, amene ankaphunzira za kadyedwe, anawapeza kukhola akukhuthula mkaka uja.

"Bambo, mukutayatu chakudya! Mkaka umenewo uli ndi mafuta amitundumitundu ndi zomanga thupi, pang'ono pokha munthu amapeza mphamvu. Mukauwiritse bwinobwino, amayi akalaweko."

"Sukulu yakuzunguza mutu iwe," anayankha motero. Koma mawa lake, mwana wa ng'ombe atakhuta, wotsalawo anauthira m'botolo n'kulibisa m'jekete, kuopa kusekedwa ndi anzawo.

Kunyumba anauika pamoto monga amachitira ndi mkaka wamasiku onse, n'kumadikira kuti ufufume. Sunafufume. Unangogwirana n'kulimba ngati dzira lophika. Zaka zonsezo akukama, sankadziwa kuti mkaka woyamba umatero ukapsa. Mtima unawapweteka. Ananyamula poto, ulendo wa kudzala.

"Bambo a mwana, chikununkhiracho n'chiyani?" Anali mawu ofooka a akazi awo, kuchokera kuchipinda.

"Palibe. Ndangowononga mkaka."

"Tabwera nawoni, ndione mmene mwauwonongera."

Mayiwo analawa supuni imodzi, kenako ina, kenakonso ina. Bambo Chidebe anangoti chilili pakhomo, kuopa kuti akatsokomola mayiwo asiya kudya. Anali asanamvepo phokoso lokoma ngati la supuni ikupala pansi pa poto.

Atatha, bambowo anaulula kuti unali mkaka woyamba uja ankautayira m'ngalande. Mayiwo ananyambita milomo n'kuwayang'ana amuna awo m'maso.

"Ndiye mukuti zaka zonsezi mumadyetsa ngalande?"

Bambo Chidebe anaseka mpaka misozi, ndipo ina sinali ya kuseka.

"Mawa ukadalipo, mayi," anatero. "Akangokhuta mwana wa ng'ombe, wotsala ndi wanu."