Khoma la Buluu la Nasiru

Ngati lero mwadzuka mtima uli pansi, imvani za Nasiru, wojambula zithunzi wa pa Ulongwe.

Tsiku limene akwati ena anamubwezera zithunzi, Nasiru analakalaka nthaka itang'ambika kuti alowemo. Mayi a mkwatibwi anaziponya patebulo anthu akuona.

"Mwana wanga ndi ameneyu? Mano ndi maso okha? Iyayi bambo, ife sitinakwatitse makala!"

Nasiru anali mwana wamasiye, ndipo mayeso a Fomu 4 anali atamukana. Kamera anamubwereka amalume ake, Che Mahmudu, mlongo wa malemu mayi ake. Nkhani ya zithunzi itawapeza, mkuluyo sanachulutse gaga m'diwa.

"Anthu akatha kugulitsa chimanga, ndidzatenga kamera yanga. Khasu silifunsa satifiketi."

Vuto linali khoma la m'situdiyo mwake. Analipenta monga ankachitira anzake onse: loyera mbee, maluwa ofiira, nyumba yosanjikizana ndi ndege pamwamba. Pachithunzi ndege inkatuluka bwino kuposa munthu amene walipira. Kamera ikaona kuwala konseko inkachita ngati yatsinzina, nkhope n'kuda bii. Koma izi Nasiru anali asanazizindikire.

Makasitomala atathawa, anayamba ganyu yonyamula matumba a nandolo pamsika. Anzake ankamuseka kuti ndi mtolankhani wa nandolo, chifukwa kamera sinkachoka m'khosi mwake. Zinkamupweteka, koma sanaisiye.

Tsiku lina masana anajambula mayi wogulitsa nandolo atakhala patsogolo pa lona lakale lotchingira dzuwa. Lonalo linali la buluu woderapo, wosuluka, wosanyezimira, mtundu umene palibe angausankhe pogula nsalu ya chikwati. Atayang'ana pakagalasi ka kamera, Nasiru anaima chilili. Nkhope ya mayiyo inaoneka yonse: thukuta pamphumi, timakwinya ta kuseka, khungu losalala ngati angodzola kumene mafuta.

Anayamba kuusaka mtundu umenewo. Penti woyamba anali wamafuta, ndipo anangonyezimira ngati mbale yotsuka. Anapala khoma lonse. Anagula penti wamadzi, koma buluu wake anali waphokoso, wolanda maso. Anathiramo wakuda, khoma linasanduka mdima. Anapalanso, zala mpaka matuza. Kenako anaphunzira kuthira wakuda pang'onopang'ono, ndi kadontho ka woyera koziziritsa, mpaka buluu uja anafatsa ngati mitambo ya mvula ikamachokera ku phiri la Chikala.

Odutsa ankasuzumira n'kupukusa mitu. "Situdiyo kapena nyumba ya chisoni?" Chimanga chinali kutha pamsika, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene analowa.

Che Mahmudu anafika monga ananenera, chikwama cha kamera chili m'manja. Nasiru anawapatsa mpando.

"Amalume, musanaitenge, khalani apa ndikujambuleni kamodzi kokha."

"Ine? Ine pachithunzi ndimatuluka chipewa chokha, mphwanga."

"Ingokhalani, amalume."

Anakhala monyinyirika, mkanjo woyera uli waa patsogolo pa khoma lija. Nasiru anajambula, n'kuwapatsira kamera kuti aone.

Mkuluyo anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Anavula magalasi, anawapukuta, anayang'ananso.

"Iwe," anatero, "awa ndi maso a mayi ako. Mphumi iyi ndi yakwathu. Mlongo wanga anapita osasiya chithunzi chooneka nkhope, lero ndamuona pankhope yangayi."

Anapukuta misozi ndi mkono wa mkanjo. Kenako anaika kamera patebulo, ndi chikwama chomwe.

"Ndi yako. Mawa ndibwera ndi azakhali ako ndi ana onse."

Nasiru anakhala pansi n'kupuma mpweya waukulu. Mtima wake unakhala m'malo, ndipo anaseka yekha ngati wopenga.

Chithunzi cha Che Mahmudu anachimata pakhomo. Anthu otsika minibasi ankaima n'kufunsa ngati chajambulidwa ku Blantyre. Lero akwati amachokera ku Kalembo ndi ku Phalula kudzaima pa khoma limenelo, ndipo Nasiru akuphunzitsa achinyamata awiri ntchitoyi. Ndege ndi maluwa sanazipentenso, chifukwa amati chofunika kuoneka pachithunzi ndi munthu.

Inu amene mwasekedwa, amene ntchito yanu yaponyedwa patebulo anthu akuona, musafulumire kunena kuti mulibe luso. Mwina luso lilipo, changolakwika ndi khoma limene mwaima patsogolo pake. Lipaleni, sakanizani pentiyo kachiwiri, ngakhale zala zituluke matuza. Musataye mtima, nkhope yanu idzaoneka.