Mikanda ya Mkazi Mnzanga M'manja mwa Adokotala

Izi sindinazimve ku mjigo ayi, anzanga, ndinaziona ndi maso angawa, maso omwewa amene lero akukanika kulowetsa ulusi pa singano, ndipo woti ndikunama akafunse amayi akale a kuno ku Chadiza, ena akadali moyo. Maina sinditchula, ngakhale la chipatala, poti ana a anthuwo ndimapemphera nawo.

Chinali chaka chotsatana ndi chilala chija tinadya chimanga chachikasu. Amuna anga anali atatenga mkazi wachiwiri, mtsikana wa ku mabanja aja anathawa nkhondo ku Mozambiki, wosalala, woyankhula pansipansi, ndipo ku mpingo anawadula chifukwa cha iye, koma iwo kudandaula ayi, ankangoyenda akuimba mluzu. Nsanje ndinali nayo, ndibisirenji, ndipo ndikadali nayo, ndimaisunga bwinobwino ngati chitenje cha ku Mgonero. Nanga inu mukanatani? Ine ndawaberekera ana, ine ndawalimira thonje mpaka msana kupindika, mikanda yanga ya m'chiuno inaduka kalekale iwo osazindikira n'komwe, koma mnzangayo anamugulira ya ku Chipata, yofiira, yoyera, yakuda, moti akamasinja inkachita kumveka kuti wayawaya, ine ndikumva, ine ndikumeza malovu.

Matenda a uchembere anamuyamba mnzangayo nyengo yachisanu, thonje litangogulidwa, amuna a m'mudzi onse akununkha mowa. Azamba anayesa, anayesa, mwana osatsika, ndiye Loweruka m'mawa anati uyu n'ngwa kuchipatala. Womuperekeza ndani? Amayi ake anatsala ku nkhondo, ndiye ndine ndemwe, mkazi wamkulu, ndinakwera naye pa ngolo, mutu wake pa miyendo panga, iye akungoti amayi aakulu musandisiye, ine ndikuti khala chete usunge mphamvu. Amuna athu anati atipeza pa njinga, ayambe adzera pa msika.

Tinafika dzuwa litapendeka. Anamwino anali atapita ku maliro, mlonda amabwera madzulo, pachipatala panali adokotala okha, bambo wachinyamata wochokera kutali, waulemu, Chichewa chake chopunduka pang'ono. Pa khonde panadzaza amuna odikira, wina bala la pa mowa, wina mwana wamalungo. Adokotala anamugoneka mnzangayo, n'kunditumiza ine ku mjigo kuti madzi a m'chipinda atha. Kuchoka kwangako ndiye kunalakwitsa zonse, ndipo zimene zinachitika ndili ku mjigoko ndinachita kuuzidwa pambuyo pake.

Mimba inali itatupa, zingwe za mikanda zitalowa m'thupi, ndiye adokotalawo anatenga sizasi n'kudula, zomwenso ine ndikanachita. Koma onani ulemu wawo kumene unawafikitsa. Anaona kuti mikandayo n'njokongola, ingatayike, anaitola bwinobwino, n'kutuluka nayo pa khonde, n'kufunsa kuti mwamuna wa mayi ali mkatimu ndani. Amuna athu anali atangotsika pa njinga. Adokotala anawapatsa mikanda ija ndi manja awiri, pamaso pa gulu lonse, ati bambo sungani izi n'za akazi anu. Kwawoko kaya mikanda ndi chinthu wamba, koma kuno chinthu chimenecho amachiona ndi mwini wake yekha, chitseko chitatsekedwa. Ndiye wa bala la pa mowa uja anaseka, ati akulu, zanu zija adokotala aziwerenga kale, akuti zakwana.

Ine ndikutulukira pa ngodya, ndowa pa mutu, ndinaona amuna anga akusolola nkhwangwa pansi pa ngolo, ija tinkadulira mitengo panjira. Nkhope imeneyo sindinaionepo, imvi zili mbuu, maso ali psuu. Adokotala anali atatembenuka kuti abwerere mkati, ndipo Mulungu yekha ndiye anapotoza dzanja la amuna anga, poti nkhwangwayo inawapeza adokotalawo ndi kumsana kwake, osati kukamwa kwake, pa phewa apa, n'kukwapulanso khutu. Phokoso lake ndimalimvabe, ngati dzungu lagwa pa nkhokwe. Anagwa chogwada, malaya oyera aja kufiira, n'kukwawira mkati. Amuna a pa khonde aja? Anangoti balala, wina mpaka kuiwala nsapato.

Sindidziwa kuti ndowa ndinaiponya kuti, ndinangozindikira ndaima pa khomo, manja uku ndi uku. Kumbuyo kwanga mnzanga akubuula, adokotala akubuula, ndipo ndinadziwa kuti bamboyu akafa, mtsikanayu wafa, mwana wafa, poti ku boma n'kutali ndipo ng'ombe zinali zitatopa. Amuna anga anati amake ana choka apo. Nkhwangwa ili m'mwamba, mpweya wa kachasu ukundiwomba kumaso.

Mukuganiza kuti ndinawapempha? Ndinafuna kutero, koma chimene chinatuluka ndi china, chija ndinkameza pa mtondo. Ndinati atate ake a ana, ine chitsiriza wanga ndinaberekera m'chipinda chomwechi, amene anandithandiza analinso mwamuna, inu munali pansi pa mtengo uwo mukusewera nsolo, bwanji simunanyamule ngakhale mthiko? Ndinati yanga mikanda inaduka liti, tchulani chaka. Ndinati uyu mwamugulira ya ku Chipata, lero mukufuna kumugulira ndi mtembo wa adokotala womwe, ndiye yambani mwatema ine, kuti nanenso ndilandireko kanthu kochokera m'manja mwanu. Mawu akutuluka, mkodzo ukutsika m'miyendo, mantha ake amenewo.

Anaima, kukamwa yasa, ngati akundiona koyamba, ndipo pomwepo mnyamata amene anatiyendetsera ngolo ndi bambo wa mwana wamalungo uja anabwerera, anawagwira cha kumbuyo n'kuwagwetsa.

Mkatimo adokotala anadzuka okha, dzanja limodzi lili lende, anati mayi sambani m'manja, lero manja anga ndinu. Iwo kunena, ine kuchita, iwo kunena, ine kuchita, magazi awo akudontha pa simenti, mpaka kamwana kanalira, kakakazi. Kamwana kameneko lero ndi mayi wa ana ake, ndipo adzukuluwo akabwera amayamba kulowa m'nyumba mwanga, mwa agogo awo enieni amalowa pambuyo, ine ndimavina, ine ndimavina mpaka fumbi.

Amuna anga anakagona kwa apolisi ku boma, n'kubwerako ofatsa. Adokotala anapita ku Chipata kukamangitsa phewa, osabweranso, ndipo ndani angawanene? Dzinja lonse lotsatira chipatala chinakhala chopanda dokotala, ndipo mayi wina wa mudzi woyandikana nafe anafera pa ngolo, m'matope, akuthamangira ku boma. Amene uja ndiye anatemedwa ndi nkhwangwa ya amuna anga, ngakhale sanaione.

Chimene ndimakhulupirira tsopano ndi ichi. Dokotala samenyedwa pa msewu kapena kunyumba kwake, amamenyedwa pa khomo la chipinda chake chomwe, tsiku limene watsala yekha, miyezi imene m'midzi muli mowa, pamene mwamuna wamantha wakhala panja wopanda chochita, anzake akumuseka. Ndiye amayi anzanga, mukaperekeza wodwala musachoke pa khomo limenelo, madzi akatunge mwamunayo, nkhuni akatole mwamunayo, atope. Ndipo inu atsikana amene mumanyadira kuti wanga ndi wansanje ndiye kuti amandikonda, funsani kaye kuti akadzatema dokotala, adzakuchiritsani ndi iyeyo kodi.