Kukaona malalanje anga ku Vubwi

Ndinanyamuka ku Sinda m'mamawa mtima uli m'mwamba. Sukulu yomwe ndimaphunzitsa, kufupi ndi Vubwi, inali itatsekedwa miyezi ingapo chifukwa cha korona, ndipo tinasiyako timitengo ta malalanje tomwe ndinadzala ndi ana a kalasi yanga. Mvula inali itasiya kalekale, ndipo mjigo uli kutali ndi sukulu.

Mu minibasi kondakitala anafuna makwacha makumi atatu mpaka Katete. Ankakalipira aliyense wopanda masiki, koma yake inali pachibwano ngati ndevu.

Pa Katete ndinagula mbatata yootcha, n'kukwera lole ya ku Chadiza. Ndinakhala pa thumba la mtedza pafupi ndi bambo wina wogulitsa mbuzi. Nditawauza nkhawa yanga, anapukusa mutu.

"Aphunzitsi, kakhuzeni maliro basi. Dzuwa ili likuumitsa ndi anthu omwe!"

Ku Chadiza tinafika masana, fumbi lili mbuu. Mtunda wotsala ndinayenda pa njinga yamoto, ndikupemphera pa chigwembe chilichonse.

Nditatsika pasukulu, dzuwa litapendeka, ndinaima kukamwa kuli yasa. Timitengo tonse tinali tobiriwira! Pambali pa kalikonse panali timitengo tiwiri ta mphanda, chigubu cholendewera ndi kachidutswa ka sopo.

Mai Banda, amene amagulitsa tomato panjira ndipo mwana wawo Tisa ndimamuphunzitsa, anabwera akuseka.

"Mwafika, madamu? Musatiyamike ife. Azaumoyo atanena kuti tizisamba m'manja, Tisa anati madzi asamagwire ntchito imodzi yokha, akuti munawaphunzitsa ndinu. Ndiye banja lililonse linatenga mtengo wake. Tikamachokera kumjigo timathira m'chigubu, odutsa akasamba mtengo umamwa."

"Nanga sopo sawononga?"

"Onani nokha. Pansi pake tinadzalanso mpiru, ndiwo tikuthyola pomwepa."

Anandithyolera manja awiri, nati ndisakane.

Mawu a madzi aja ndinawanena m'kalasi tsiku lina mothamanga, belu litalira kale, ndipo ndinkaganiza kuti palibe anamva. Sukulu itatsegulidwa Lolemba, sitinalowe m'kalasi. Phunziro loyamba tinachitira pansi pa malalanje, ndipo choko ndinapatsa Tisa.