Njinga ya Denga ya Agogo Zuze

Ndikakumbukira Agogo Zuze, m'mphuno mwanga mumabwera fungo la phula wotentha amene ankamatira mabwato, losakanikirana ndi la girizi wa njinga, ndipo ndimamva sompho yawo ikugunda pansi pa mtengo wa bwemba, mphepo yotentha ya ku Zambezi ikuwaza fumbi pabwalo. Anali atate a mayi anga, mmisiri wa mabwato wochokera kutsidya ku Zumbo. Kuno ku Luangwa alipobe anthu amene amati anali wozungulira mutu. Zimandikwiyitsa, chifukwa onenawo sanalowemo m'chimene Agogo anapanga. Ine ndinalowamo.

Ndinabadwa wachialubino, mwabi monga amanenera kuno. Sukulu inali kutali ku Boma, ndipo dzuwa la m'chigwa chino lilibe chibale. Pofika Giredi 3 khosi ndi mikono yanga zinali zilonda zokhazokha. Mayi anagamula kuti ndisiye sukulu, ndizikhala m'nyumba.

"Mkazi wangayu mumutsekere ngati mbewu ya chaka chamawa?" anatero Agogo, amene ankandiseka ponditcha mkazi wawo. "Ndipatseni nthawi."

Anatola mafupa a njinga ziwiri zakufa, nalumikiza mateyala atatu, mpando wotsika chogonera, zopalasira zili kutsogolo. Pamwamba ndi m'mbali anakhoma malata. Opita kukagula nsomba ankaima n'kumayang'ana.

"A Zuze, bokosi la maliro mwamupangira mwana akali moyo?"

Agogo ankangopitiriza kukhoma.

Tsiku loyamba chinthucho chinali cholemera ngati ngolo, ndipo mphepo inkachikankha ngati chitseko. Pobwerera masana malata anatentha, thukuta linandilowa m'maso, ndinakomoka panjira. Amene ananditulutsa ndi amayi ena ochokera kotunga madzi.

"Atate, mufuna kundiphikira mwana?" analira mayi.

"Ndalakwa, mwanangu. Ndamubisa kudzuwa, ndaiwala kuti munthu amapuma."

Anazula malata onse. Anapinda nsungwi pamoto kukhala nthiti, nazimanga ndi mlaza, n'kukutira ndi matumba oyera a ufa, pawiri, posiya mpata pakati kuti kutentha kusalowe. Mmene angaumbire thupi la njingayo anaonera nsomba ya mcheni: anaigoneka papepala la thumba la simenti, nalemba ndi khala mozungulira. Pepalalo ndili nalo, pamodzi ndi malipoti anga onse a sukulu, pakuti ine sinditaya pepala.

"Chimene chidutsa madzi mosavuta chidutsanso mphepo," anandiuza. "Mutu wobulungira, mchira wosongoka. Suona bwato?"

Kutsogolo anaboola kakamwa kolowera mpweya, kumchira kotulukira. Pa kawindo koonera njira anaika mlomo ngati wa chipewa cha kapusi, poti maso anga salimba pakuwala. Denga lonselo ankalinyamula ndi dzanja limodzi.

Koma mayi anakanitsitsa. Anati mwana wawo salowanso m'menemo.

Ndiye tsiku lina mu Okutobala, dzuwa lili paliwombo, nkhuku zitatsegula milomo pansi pa nkhokwe, Agogo anaitana mayi kuti aone. Ngakhale anali nkhalamba ya chifuwa chosatha, analowa m'njingamo nadzipinda, mawondo pafupi ndi chibwano, n'kutseka kachitseko. Tinamva tcheni chikulira, chinthu choyeracho chikuzimiririka m'njira ya ku Boma. Mayi anaima pomwepo osakhala pansi, atandigwira dzanja mpaka kupweteka.

Atabwerera anatuluka chokwawa, akutsokomola, natambasulira mayi kamchere ka m'pepala kamene anagula kumsika, umboni woti anafikadi. Mayi sanakalandire. Anapisa mkono m'kati mwa njingayo, nausiya momwemo nthawi yaitali.

"Mawa apite," anatero potsiriza. "Koma akakomokanso, ndichitentha inuyo mukuona."

Sindinakomokenso. Mphepo imene inkagwetsa anyamata panjinga zawo inkangondilambalala. Agogo anamwalira ndisanamalize pulayimale, koma ndinapalasabe mpaka ndinasankhidwa kusekondale yogonera komweko. Nsungwi zinafumbwa, mateyala anapita pangolo ya munthu wina.

Kumbali ya Mburuma kunali mtsikana wa khungu ngati langa, amene ankalima ndi kuweta mbuzi padzuwa. Tinamuika m'manda asanakwatiwe n'komwe, zilonda zitamudya khosi. Ine ndinagwira ntchito ya ukalaliki mpaka kupuma, ndipo lero ndili ndi adzukulu. Pamutu ngati panga imvi sizioneka, koma zilipo, ndipo m'chigwa chino ndi ochepa a mtundu wanga amene anazifikira.