Imvi pa Thalauza la a Lumo

A Lumo akhala akumeta anthu kwa zaka makumi atatu m'kachipinda kamodzimodzi, pakati pa sitolo ya mankhwala ndi ya wokonza mawailesi. Muli mpando umodzi wozungulira, galasi lothetheka pakona, ndi benchi ya odikira, ngakhale ambiri okhalapo amangobwera kudzatsutsana za mpira.

Zaka zonsezi a Lumo ankavala mathalauza akuda okhaokha. Ankati tsitsi lakuda likagwera pansalu yakuda, palibe wodziwa. Akazi awo ankadandaula pochapa kuti timatsitsito timayabwa ngati chitedze, iwo n'kumangoseka.

Chimene sanaganizire n'chakuti makasitomala awo azikalamba nawo limodzi. Achinyamata anathawira kwa ometa ojambula mizere m'mutu, ndipo kwa a Lumo kunatsala madoda omwe aja, mitu ili mbuu. Tsiku lina ataweruka, mwana wawo wamkazi anawayang'ana miyendo.

"Ababa, mwadzera kuchigayo?"

Anadziyang'ana. Kuyambira m'chiuno mpaka m'mawondo munali imvi za anthu ena.

Lachisanu lonse anasesa mosankha. Anatolako tsitsi la aphunzitsi opuma ntchito, loyera ngati thonje, la adalaivala a basi losakanikirana, ndi ndevu pang'ono, n'kuzithira muenvulopu. M'mawa mwake anatseka chitseko ulendo kusitolo ya nsalu.

Mwini sitolo anali mayi wojintcha, tepi ili m'khosi, lumo lalikulu lili m'manja. Anawatsitsira mipukutu inayi pakauntala. A Lumo sanafunse mtengo. Anatulutsa envulopu, n'kutsina tsitsi, n'kuwaza pansalu yoyamba uku milomo ikugwedera.

Mayi uja anabwerera m'mbuyo.

"Bambo, ngati mwatumidwa, muwauze kuti muno timapemphera."

"Ayi mayi, musaope. Ndine wometa. Ndikufuna nsalu yoti tsitsi likagwerapo lisandichititse manyazi."

Anawayang'anitsitsa kanthawi, kenako anaphulika kuseka mpaka kugwira kauntala. Atapukuta misozi, anavala magalasi n'kuyamba kuthandiza ngati nkhaniyo ndi yake.

Yoyamba inali yaubweya, yofewa bwino, koma inagwira tsitsi ngati ulimbo. Yachiwiri inali yonyezimira. Tsitsi linatsetsereka lonse, a Lumo n'kumwetulira, koma mayiyo anapukusa mutu.

"Imeneyo siipuma. Mukaima nayo tsiku lonse mutuluka mutapsa ngati mbatata. Ndipo poyenda imalira, anthu azikumvani musanafike."

Anawaphunzitsa kufinya nsalu m'dzanja n'kuisiya, kuti aone ngati ikusunga makwinya, ndi kuiyang'ana padzuwa kuti adziwe kulimba kwa ulusi. Ya khaki inapambana mayeso onse, koma a Lumo anaikana okha. Anati safuna anthu aziwapatsa moni ngati alonda.

Pomaliza mayiyo anakwera pampando n'kutsitsa kampukutu kotsalira pashelefu yapamwamba, nsalu yotuwa yokhala ndi timadontho toyera ndi takuda. A Lumo anaifinya, sinakwinyike. Anakhuthulirapo envulopu yonse. Onse awiri anawerama kufunafuna tsitsi lija, osaliona.

"Ndi imeneyi," anatero a Lumo. "Mundidulire mita imodzi ndi theka."

"Mutenga yonse, mamita atatu. Mbali yotsalayo ili ndi ndevu za anthu, ndigulitsa kwa ndani?"

Anatsutsa pang'ono, koma mumtima ankadziwa kuti mayiyo sakunama.

Telala wawo ndi mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, munthu wosadziwa kusunga pakamwa. Atawazunguliza tepi m'chiuno anaimba mluzu.

"Alamu, mchemwali wanga akukusungani bwino. Mwachita mwayi nsaluyi ndi yambiri."

"Tepi yanuyo yafupika ndi kuchapa," anayankha a Lumo atakoka mimba.

Munatuluka mathalauza awiri, okhala ndi kathumba kakang'ono ka chipeso m'mbali. Akazi awo anayesa kukutumula limodzi pakhomo, tsitsi lonse linagwa kamodzi, ndipo kuyambira pamenepo anasiya kutchula za chitedze.

Lolemba a Lumo anafika kuntchito akuyenda mosamala. Masana, aphunzitsi opuma aja, ali pabenchi, anatambasula dzanja n'kutsina nsaluyo pabondo.

"Mwaigula kuti imeneyi?"

Mwini sitolo ya nsalu uja anachita kuitanitsa mpukutu wina. Mwezi usanathe, aphunzitsi, adalaivala ndi wokonza mawailesi onse anali atasoketsa yomweyo kwa alamu aja. Loweruka lina atakhala mondondozana pabenchi, miyendo isanu ndi umodzi yotuwa, a Lumo ataima pambali ndi yawo, mayi wina wodutsa anasuzumira pakhomo n'kufunsa mwaulemu ngati kwayayo imalola kukaimba pa ukwati. Adalaivala anamuuza kuti abwere mawa, adzawapeza atsogoleri a kwayayo, a Lumo, atamaliza kumeta.